Gadiyani Sakhala pa Benchi

Lamba wa nsapato ya a Nachisale anali atalowa m'mnofu. A Kamphinda anaona zimenezi ali chete pa benchi la chipatala, maso ali pansi pomwe akazi awo anayala chitenje n'kukhala, miyendo atatambasula. Phazi linali litafufuma ngati mtanda wa mandasi. A Nachisale atasuntha lambayo ndi chala, panatsala mzere wozama umene sunafune kufafanizika.

Benchi limene a Kamphinda anakhalapo linali pa ntchito. Linali lofunda pang'ono, ngati pamalo pamene pangochoka munthu. Anthu a pa Nsangu ankalitchula mwaulemu kuti a Mvetsera. Poliona linali benchi wamba lalitali, koma m'kati mwake munali timakutu tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Munthu akangokhala, ilo linkamva kugunda kwa mtima wake, kayendedwe ka magazi ndi ka mpweya m'mapapo, ndipo shuga linkamudziwa kudzera m'thukuta. Kenako munthuyo ankatsamiritsa mutu kumbuyo, mawu n'kudutsa m'fupa la kuseri kwa khutu, kotero kuti ngakhale wokhala naye phewa ndi phewa sankamva kanthu.

"Mwadzuka bwanji, bambo Kamphinda?" anatero mawuwo, ofatsa ngati a mphunzitsi wa ana aang'ono. "Magazi akuthamanga kuposa mwezi watha. Mwabwerera ku mchere, kapena pali chimene chikukusowetsani mtendere?"

Maganizo a a Kamphinda anali kwina. Maso awo anali adakali pa phazi lija.

Chipatala cha mabanja cha pa Nsangu chinali chaching'ono, cha dokotala mmodzi, mayi wina wachitsikana dzina lake Chimwala. Chibwerereni a Mvetsera, zinthu zinapepuka. Panalibenso zolawirira m'mamawa kukaima pa mzere. Wodwala chimfine kapena malungo ankachoka pa benchi n'kulunjika pa zenera, pomwe mkono wachitsulo unkamupatsa mankhwala ake. Mankhwala osowa ankabwera kuchokera kuboma ndi tindege topanda woyendetsa, tomwe ana anatipatsa dzina loti atombolombo. Dokotala ankaona okhawo amene benchi lawatumiza kwa iye, ndipo ankakwanitsa kuwaona bwino chifukwa anali ochepa. Maliro anachepa m'midzi yozungulira, ndipo anthu ankayamika.

Koma mwambo umodzi sunasinthe. Wodwala sapita yekha kuchipatala, amapita ndi gadiyani wake, womunyamulira madzi ndi womumverera zimene dokotala wanena. Ndipo pa khonde la chipatalacho panali pokhala pawiri. Odwala ankakhala pa benchi. Agadiyani, omwe ambiri anali amayi achikulire, ankayala zitenje zawo pa simenti motsamira khoma. Palibe anawauza kuti azitero. Anakula akudziwa kuti mpando ndi wa abambo, wa alendo ndi wa odwala.

A Nachisale anakhala pa simenti imeneyo mwezi ndi mwezi kuyambira chaka chimene amuna awo anapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Chinali chaka chomwe chija magalimoto anayamba kudziyendetsa okha, a Kamphinda n'kutsika pa chiwongolero cha basi chimene anachigwira kuyambira unyamata. Kuchokera nthawi imeneyo, a Nachisale ndiwo ankadziwa piritsi la m'mawa ndi la madzulo, ndiwo ankabisa mchere, ndiwonso ankakumbutsa tsiku la kuchipatala.

Phazi silinali chinthu choyamba chimene a Kamphinda anaona. Chiyambireni dzinja, akazi awo ankaima pafupipafupi panjira, n'kumapereka moni wautali kwa anthu amene kale ankangowakwezera dzanja. Pogona ankaunjika mitsamiro kumutu. Atawafunsa, anayankha kuti ndi ukalamba, ndipo ukalamba sapita nawo kuchipatala.

"A Nachisale," anaitana motsitsa mawu. "Tabwerani mudzakhale apa pang'ono."

"Pamenepo? Ndadwala chiyani ine?"

"Mungokhala, a Mvetsera akupatseni moni."

"Moni wawo mudzandipatsira kunyumba. Ine ndine gadiyani. Gadiyani akakwera pa benchi, wodwala amuyang'anire ndani?"

Amayi otsamira khoma anaseka. A Mpinganjira, mnzawo wa a Kamphinda wa pa bawo, amene anabwera ndi bondo lake losatha kupola, anasuzumira kuchokera kumapeto kwa benchi.

"Asiyeni alamu anga, Kamphinda. Akuopa kuti a Mvetsera aulula zoti ali ndi pakati."

"Pakati pa ndani, a Mpinganjira?" anayankha a Nachisale osatembenuka n'komwe. "Mnzanuyu ngakhale pa kabaza timachita kumukankhira."

Khonde lonse linagwa ndi phwete. A Nachisale nawonso anaseka, koma kuseka kwawo kunathera m'chifuwa. Anatembenukira kukhoma, natsokomola m'chitenje, mapewa akukwera ndi kutsika. A Kamphinda anadikira kuti mpweya wa akazi awo ubwerere. Unachedwa.

A Kamphinda anaimirira.

"Sindinamalize, bambo Kamphinda," mawu aja anawatsatira, koma anazilala mutu wawo utachoka pa chotsamira.

Anayenda pang'ono, nagwira khoma, nayamba kutsika. Mawondo analira ngati nkhuni zouma. Anakhala pa simenti, pakati pa akazi awo ndi mayi wina wonyamula fulasiki, thalauza lawo losita bwino lili m'fumbi. Phwete lija linazima. Mayi wa fulasiki anasendera kutali mwaulemu, akuyang'ana kumbali.

"Bambo a Tiyese," ananong'ona a Nachisale, kuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba monga ankachitira pa nkhani zolemera. "Mutu ukuyenda bwino? Dzukani. Anthu akuona."

"Aone."

"Thalauza limenelo ndasita ndine."

"Mudzasitanso."

"Mukapanda kumaliza pa benchi, mankhwala anu satuluka pa zenera. Kunyumba atha, mukudziwa."

"Ndikudziwa."

A Nachisale anawayang'ana nthawi yaitali. Ankawadziwa amuna awo. Munthu ameneyu anaimikapo basi yodzaza pakati pa msewu mpaka mnyamata wina atapatsa nkhalamba mpando. Akakhala pansi chonchi, dzuwa likhoza kulowa ali pomwepo.

"Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Phazi lanu ndaliona."

A Nachisale anakoka chitenje n'kuphimba mapazi.

"Ndi kutentha."

"Mwezi wa Juni uno?"

 Tombolombo mmodzi anatera padenga, nasiya katundu wake, nauluka. A Nachisale atayankhulanso, mawu awo anali aang'ono, oti amve amuna awo okha.

"Aliyense wokwera pamenepo amatsika ndi matenda. Ine ndakhala pansi pano zaka zonsezi, palibe anandiuzapo kuti ndikudwala. Nanga akandipeza ndi kanthu? Akandigoneka kuchipatala chachikulu? Tiyese ali kutali, ali ndi ana ake. Inu mudzadya chiyani? Mudzathira mchere wodzaza dzanja, mapiritsi mudzamwa a madzulo m'mawa. Sabata siidzatha."

"Ndiye mwati mungopirira."

"Ndati ndikuoneni kaye inu."

A Kamphinda anapukuta kumaso ndi chikhatho.

"Nachisale," anatero, atasiya ulemu wa pagulu. "Mwezi uliwonse umandikokera kuno kuti moyo wanga utalike. Chabwino, watalika. Tsono zaka zimene ukundisungirazo ndidzakhale ndi yani?"

 A Nachisale anayang'ana benchi lija monga munthu amayang'anira mtsinje umene sanauwolokepo.

"Sindingakwere inu muli pansi," anatero pomaliza. "Mkazi pamwamba, mwamuna pa simenti? Mayi anga angadzuke kumanda."

"Ndiye tikwere tonse."

Kudzuka kunavuta kuposa kukhala. A Mpinganjira anabwera akutsimphina, nagwira mnzawo m'khwapa.

"Ukalamba wa chibwana," anadandaula akukoka. "Ukufuna bondo langa linanso lithere pa iwe?"

A Nachisale anakhala kumphepete kwenikweni kwa benchi, ngati mlendo amene sakudziwa ngati alandiridwa. Manja anaika pamiyendo. A Kamphinda anakhala pambali pawo, nawasonyeza potsamiritsa mutu. Mawu atawalowa m'khutu, mayiwo anadzidzimuka, kenako anawomba m'manja pang'ono mwaulemu. Sankadziwa kuti a Mvetsera amamva ngakhale kunong'ona, choncho anayankha mokweza, khonde lonse likumva.

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Ndine Nachisale, mkazi wa a Kamphinda." Anamvetsera. "Ayi, sindine mlendo. Ndimabwera mwezi uliwonse. Ndimakhala apo."

Ena anamwetulira. Koma nthawi inayamba kutalika. Anthu amene anakhala pambuyo pawo anamaliza n'kupita ku zenera, a Nachisale adakali pomwepo. A Kamphinda anaona akazi awo akukoka mpweya wambiri monga anauzidwira, n'kulephera kuusunga. Anawaona akugwedeza mutu kuvomera, kenako kuvomeranso. Atatero anaongoka msana.

"Ayi, musandiuze ine," ananena momveka bwino. "Auzeni awa. Ndiwo gadiyani wanga."

A Kamphinda anamva kutentha m'maso. Anatsamiritsa mutu.

"Bambo Kamphinda," anatero mawu aja, "mayi andilola kuti ndiyankhule nanu. Mu mtima wa munthu muli tizitseko timene timatsegula ndi kutseka kuti magazi aziyenda njira imodzi. Kamodzi mwa tizitseko ta mayi katopa, sikakutsekanso bwino. Magazi akubwerera m'mbuyo, ndipo madzi akudzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Ndamuitana dokotala."

"Zayamba liti?" ananong'ona.

"Kalekale. Ndikanawamva zaka zingapo zapitazo, mapiritsi okha akanathandiza. Tsopano pakufunika zambiri."

"Nanga simunawaone bwanji? Amakhala pompano, pafupi ndi mwendo wanu."

"Ine ndilibe maso, bambo. Ndimamva okhawo amene akhala pa ine."

A Kamphinda anadzutsa mutu. Ankadziwa ntchito ya gadiyani, anaionapo kwa ena. Gadiyani amamva zolemera, amazisenza yekha, ndipo kwa wodwala amabwera ndi nkhope yosalala. Anakonza kukhosi.

"Akuti palibe choopsa kwenikweni," anayamba. "Akuti ndi kutopa chabe, ndiponso madzi pang'ono..."

"Mukukanda chibwano," anatero a Nachisale.

Anatsitsa dzanja msanga.

"Tsiku limene munagunda mbuzi ya a mfumu ndi basi munakandanso chomwecho. Ndi mtima, eti?"

"Ndi mtima."

"Ndimadziwa." Anapumira m'mwamba, ndipo mapewa awo anatsika ngati a munthu amene watula mtolo. "Ndimangofuna kuti wina andinenere."

Chitseko cha m'kati chinatseguka, Dokotala Chimwala natuluka. Anthu ambiri pa khondepo ankangomudziwa mawu, chifukwa kawirikawiri wodwala ndiye ankalowa kwa iye. Anagwada pamaso pa a Nachisale, nawapatsa moni, napempha kuti aone phazi. Analidina ndi chala chachikulu, ndipo chalacho chinasiya dzenje.

"Amayi, mwakhala mukupuma movutika nthawi yaitali bwanji?"

"Sindinawerenge, mwanangu. Ndinali ndi wodwala."

Dokotala anamwetulira pang'ono, koma maso ake sanamwetulire. Adakali chigwadire, anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona khondelo kuchokera pansi. Anaona mzere wa amayi otsamira khoma, mafulasiki, mabeseni, miyendo yotambasula.

"Amayi anga," anafunsa pang'onopang'ono, "mwa inu nonse, ndani anakhalapo pa benchi ili?"

Amayiwo anayang'anana. Wa fulasiki uja anaseka mwamanyazi.

"Ife ndife operekeza, adokotala."

 Dokotala anayankhula ngati akudziuza yekha. "Kompyuta ya kuboma imati amayi achikulire a pa Nsangu ndi athanzi kuposa a madera onse. Chaka chatha anatiyamikira pa msonkhano. Timati sakudwala, pamene sitinawamvepo n'komwe."

 A Mpinganjira, amene sankasowa chonena, ankayang'ana ndodo yawo.

M'chipinda chake, dokotala anafotokoza zonse osabisa, akuyang'ana onse awiri. Kuchipatala chachikulu cha mumzinda madokotala ankatha kutenga kanyama kakang'ono m'thupi la munthu, n'kukameretsa m'botolo mpaka kasanduke kachitseko katsopano ka mtima. Popeza kamachokera m'thupi la mwini wake, thupi silikakana. Koma kumera kwake kumatenga milungu, ndipo nthawi yonseyo wodwala amayenera kugona komweko kuti mtima uzithandizidwa.

"Kachitseko komera ngati nyemba?" anadabwa a Nachisale. "Ndiye kakakula mopitirira?"

"Kamadziwa polekezera, amayi."

"Achira?" anafunsa a Kamphinda.

"Sindingakulonjezeni, bambo. Mtima watopa kwambiri. Koma sitinachedwe kotheratu. Mukanadikira mpaka mvula, bwenzi tikukamba zina." Anabaya a Nachisale jekeseni wochotsa madzi m'thupi. "Galimoto idzakutengani kunyumba mawa m'mawa. Kumeneko makina ndi ambiri, koma gadiyani amafunikabe. Apita nawo ndani?"

A Kamphinda anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ameneyo?" anafuula a Mpinganjira, omwe anali atasuzumira pakhomo. "Adokotala, munthu uyu sadziwa ngakhale kumene kumakhala machesi m'nyumba mwake!"

"Adzaphunzira," anatero a Nachisale. "Basi anaiphunzira, ndiye alephere beseni?"

Asananyamuke, anawabweza amuna awo pa benchi kuti amalize, ndipo anaima pambali pa zenera mpaka mkono wachitsulo utatulutsa mankhwala. Ulendo wobwerera kunyumba anakwera kabaza. A Nachisale sanatsutse.

M'mawa mwake a Kamphinda anadzuka tambala atangolira kachiwiri. Anatenthetsa madzi osamba, koma anatentha kwambiri, nawazizira ndi ena mpaka ndowa inasefukira. Anaphika phala, ndipo linali ndi mibulu. A Nachisale anadya theka osadandaula. Miyendo inali itaphwerako pang'ono.

Kenako anakhala pakhomo n'kumalamula, amuna awo akulowa ndi kutuluka.

"Beseni laling'ono, osati lochapira. Zitenje zitatu. Sopo ali pawindo. Supuni mwatenga?"

"Ndatenga."

"Ndi mbale yake?"

A Kamphinda anabwereranso m'nyumba. Anaimbira Tiyese, ndipo nkhope ya mwana wawo itaonekera pakhoma la pabalaza, anamuuza zonse osakanda chibwano. Tiyese analira, nati adzawapeza kuchipatala Loweruka. Nkhuku anazisiya m'manja mwa a Mpinganjira, omwe analonjeza kuti adzadya imodzi yokha.

Galimoto ya chipatala inafika yokha, yoyera, yopanda chiwongolero. Inatsegula chitseko n'kutchula mayina awo. A Kamphinda anakweza katundu, nathandiza akazi awo kukwera, nawaikira mtsamiro kumsana. Podutsa pa chipatala cha pa Nsangu anaona Dokotala Chimwala atakhala pa simenti pakati pa agadiyani, nsapato atavula, akumvetsera pachifuwa cha mayi wa fulasiki ndi kachipangizo kakale ka m'makutu. Amayi ena ankadikira, akukankhana ndi zigongono kuti wina ayambe.

Galimoto italowa mumsewu waukulu, a Nachisale anatsegula maso.

"Mankhwala anu mwatenga?"

A Kamphinda anagwira thumba la malaya, kenako la thalauza. Anali atawasiya patebulo.

A Nachisale anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. M'menemo munali kabotolo ka mankhwalawo. Anatulutsa piritsi limodzi, naliika m'dzanja la amuna awo.

"La m'mawa ndi loyera. Lofiira ndi la madzulo. Nenani."

"Loyera m'mawa, lofiira madzulo."

"Mudzanenanso tikafika."

Anatsamira paphewa pawo, ndipo posakhalitsa anagona. A Kamphinda anakhala chowongoka, beseni lili pamiyendo, osafuna kusuntha kuti angawadzutse. Minda ya chimanga chouma inkadutsa pawindo. Iwo ankabwereza mitundu ya mapiritsi chamumtima, ndipo anazindikira kuti ugadiyani ulibe sukulu: munthu amangouyamba tsiku limene wasankhidwa, ndi manja omwe ali nawo.